Akakutumizani kukajambulitsa kuchipatala, muli ndi ufulu wofunsa

Adokotala akalemba m'buku la kuchipatala kuti tipite tikajambulitse, ambirife timangonyamuka osafunsa kanthu. Timakakhala pabenchi kunja kwa chipinda cha X-ray, dzina likaitanidwa timalowa, timavula malaya, timakoka mpweya monga atiuzira, kenako timatuluka. Sitidziwa chimene akufuna kuona m'thupi mwathu, sitidziwa ngati wotijambulayo ali ndi chilolezo, sitidziwanso kumene chithunzicho chikathere. Timaopa kuti tikafunsa atiyesa amwano n'kutibweza kumapeto kwa mzere.

Mantha amenewa ndi omveka m'dziko limene makina ojambulira ndi ochepa pomwe odwala ndi ambirimbiri. Koma palibe lamulo limene limati wodwala azingogonjera. Kujambula m'kati mwa thupi la munthu ndi ntchito yokhala ndi malamulo ake, ndipo ambiri mwa malamulowo anaikidwa kuti ateteze inuyo amene mwagona patebulopo.

Makinawa si amodzi

Tonse timangoti kujambula, koma makina ake ndi osiyana, ndipo kuopsa kwake n'kosiyananso. Sikani imene amayi oyembekezera amapanga kusikelo imagwiritsa ntchito mafunde a mawu osamveka ndi khutu, ilibe cheza choopsa. MRI imagwiritsa ntchito maginito amphamvu kwambiri, nayonso ilibe cheza chotero. X-ray ndi CT sikani ndi zimene zimagwiritsa ntchito cheza chodutsa m'thupi. Cheza chimenechi anachitulukira Wilhelm Röntgen wa ku Germany mu 1895, ndipo pasanapite zaka zambiri anthu oyamba kugwira nacho ntchito anayamba kupsa manja, ena kudulidwa zala, ena kufa ndi khansa. Malamulo otetezera anthu ku cheza anachokera m'masautso amenewo.

Tisakokomeze nkhaniyi. Akatswiri amayeza cheza ndi muyeso wotchedwa millisievert. Munthu aliyense padziko lapansi amalandira pafupifupi 2.4 pachaka kuchokera m'nthaka, m'miyala, mumpweya ndi mumlengalenga, ngakhale asanapondepo kuchipatala. X-ray imodzi ya pachifuwa imapereka pafupifupi 0.1 kapena kucheperapo, zomwe zikufanana ndi zimene munthu amalandira mwachilengedwe pa milungu iwiri. Choncho zimene ena amanena, kuti X-ray imayamwa magazi kapena kuti ukajambulidwa kamodzi sudzabereka, si zoona, ndipo munthu amene wakhala akutsokomola kwa mwezi wathunthu n'kumathawa X-ray chifukwa cha mphekesera zimenezi akudzipweteka yekha. CT sikani ya pamimba ndi nkhani ina. Imapereka pakati pa 8 ndi 10, kufanana ndi cheza cha zaka zitatu kapena zinayi. Ikafunika imapulumutsa moyo, koma si chinthu chongobwerezabwereza chifukwa choti munthu ali ndi ndalama zolipirira.

Anthu ambiri amadabwa akamva izi: mfundo za padziko lonse zinaika malire a cheza chimene wogwira ntchito m'chipinda cha X-ray angalandire, omwe ndi 20 pachaka tikawerengera pa zaka zisanu, zinaikanso malire a munthu wamba, omwe ndi 1 pachaka, koma wodwala sizinamuikire malire. Chifukwa chake n'chakuti munthu amene wachita ngozi yapamsewu angafunike kujambulidwa kangapo tsiku limodzi kuti apulumuke, ndipo nambala siyenera kutsekereza thandizo. Wodwala amatetezedwa ndi mfundo ziwiri. Asajambulidwe pokhapokha phindu lake litaposa chiopsezo, ndipo akajambulidwa, cheza chikhale chochepetsetsa chimene chingatulutse chithunzi chowerengeka. N'chifukwa chake funso lakuti "Adokotala, kodi chithunzichi chitithandiza kudziwa chiyani?" si lamwano. Ndi funso limene dokotalayo anayenera kudzifunsa yekha asanalembe.

Funsoli n'lofunika kwambiri kumene munthu amalipira. Mwini makina amapeza ndalama akajambula anthu ambiri, ndipo si onse amene amatha kuugwira mtima. Ifenso odwala tili ndi vuto lathu. Ena timaona ngati sanatithandize akatipima ndi manja n'kutipatsa mankhwala osatijambula. Msana umene wayamba kuwawa dzana chifukwa cha khasu nthawi zambiri sufunika X-ray. Dokotala amene wakana kukutumizani atakufotokozerani chifukwa chake wagwira ntchito yake bwino. Wojambula nayenso ali ndi udindo wobweza pepala kwa amene analemba ngati palibe chifukwa chomveka, kapena ngati munajambulidwa chomwecho masiku apitawa. Ngati muli ndi mafilimu akale kapena CD, muzipita nazo.

Woyenera kukujambulani ndani

Bungwe la Medical Council of Malawi, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la Medical Practitioners and Dentists Act la 1987, ndi limene limalembetsa madokotala, ma clinical officer ndi ojambula, ndipo lili ndi mphamvu zolanga kapena kufufuta m'kaundula amene wasokoneza ntchito. Anamwino ndi azamba, amene ena a iwo anaphunzitsidwa kupanga sikani ya amayi oyembekezera, ali pansi pa Nurses and Midwives Council of Malawi. Makinawo ali ndi lamulo lawo. Lamulo la Atomic Energy Act la 2011 linakhazikitsa bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority, AERA mwachidule, ndipo aliyense wosunga kapena kugwiritsa ntchito makina otulutsa cheza ayenera kukhala ndi chilolezo cha bungweli. Ndi AERA imene imayang'ana ngati makoma ndi zitseko za chipinda zikutchinga cheza kuti chisafike kwa anthu okhala pabenchi, ngati makina akutulutsa mlingo woyenera, ndiponso ngati ogwira ntchito akuvala kabaji koyeza cheza chimene alandira.

Mukalowa pakakiliniki kapatawuni pamene palembedwa kuti amapanga sikani, muli ndi ufulu wofunsa dzina ndi udindo wa amene akukuunikani, ndi kupempha kuona satifiketi yake. Makina a sikani masiku ano ndi ang'onoang'ono, ena amalumikizidwa pafoni, ndipo kugula makina si kuphunzira ntchito. Munthu wosaphunzira bwino angauze mayi kuti zonse zili bwino pomwe mimba yakhala kunja kwa chiberekero, ndipo mayiyo angataye moyo pasanathe masiku.

Kuvomera kumafuna kudziwa

Gawo 19 la malamulo oyendetsera dziko lino limati ulemu wa munthu aliyense suyenera kuphwanyidwa. Kuchipatala, ulemu umenewu umayamba ndi kuuzidwa chimene akufuna kukuchitani, m'chilankhulo chimene mukumva, inu n'kuvomera. Pa X-ray wamba kuvomera ndi pakamwa n'kokwanira. Koma ngati akubayani mankhwala mumtsempha kuti ziwalo zioneke bwino pa CT sikani, kapena alowetsa singano m'thupi motsogoleredwa ndi makina, ayenera kukufotokozerani zoopsa zake bwinobwino, ndipo kawirikawiri mumasaina. Musasaine pepala limene simunalimve. Pemphani kuti akuwerengereni. Muli ndi ufulu wokana, ndiponso wosintha maganizo ngakhale mutagona kale patebulo, bola akuuzeni zimene zingachitike mukakana. Munthu akakomoka pangozi ndipo palibe wachibale, madokotala amaloledwa kuchita zopulumutsa moyo wake osadikira. Mwana wosakwana zaka 18 amamuvomerera kholo kapena womulera, komabe mwana amene wafika pozindikira ayenera kufotokozeredwa, asamangomunyamula ngati katundu.

Pamenepa inunso muli ndi udindo waukulu, womwe ndi kunena zoona. Mankhwala obaya mumtsempha aja amatha kupweteka munthu amene impso zake sizigwira bwino ntchito, ndipo anthu ena thupi lawo limadana nawo mpaka kubanika. Ngati muli ndi vuto la impso, matenda a shuga, mphumu, kapena ngati munachitapo ziwengo mutabayidwa mankhwala oterewa, nenani musanafunsidwe n'komwe. Ku MRI nenani za chitsulo chilichonse chimene chili m'thupi mwanu: chimene anakuikani mutathyoka fupa, kachipangizo kothandiza mtima kugunda, ngakhale kachidutswa kamene kanalowa m'diso. Abambo owotcherera ndi kupala zitsulo amvetsetse pamenepa, chifukwa maginito aja amatha kusuntha kachidutswako n'kuwononga diso.

Funso limene limavuta kwambiri ndi la pakati. Wojambula ali ndi udindo wofunsa mayi kapena mtsikana aliyense wa msinkhu wobereka ngati ali woyembekezera ndiponso tsiku limene anasamba komaliza, makamaka ngati akujambula pamimba kapena m'chiuno. Sikuti akukuganizirani zoipa. Mwana wosabadwa sapirira cheza ngati munthu wamkulu, ndipo wojambula akadziwa angathe kusintha njira, kudikira, kapena kupempha sikani yopanda cheza. Koma funsoli lili ndi malo ake. Kufunsa mtsikana wa Fomu 3 mokweza, mayi ake ali pomwepo ndipo chitseko chili chotsegula, n'kumukakamiza kunama. Wojambula wodziwa ntchito amamutengera pambali. Ndipo mayi amene wazindikira kuti anali ndi pakati atajambulidwa kale asataye mtima kapena kuchita zinthu mopupuluma. X-ray imodzi ya pachifuwa kapena ya mwendo sifika pa mlingo wovulaza mwana. Abwerere kuchipatala akafotokoze kuti amuwerengere bwino.

Gadiyani akapemphedwa kugwira mwana kapena nkhalamba pojambula, ayenera kupatsidwa chovala cholemera cha mtovu. Mayi woyembekezera asagwire ntchito imeneyi.

M'chipinda chotseka

Chipinda chojambulira chimakhala chotseka, nthawi zina chamdima, ndipo wodwala amakhala atavula. Malo otere amafuna khalidwe lolimba. Muyenera kuvula mbali yokhayo imene ikujambulidwa, kupatsidwa chofunda kapena kuloledwa kudziphimba ndi chitenje, ndi kuuzidwa asanakukhudzeni. Pa sikani ya mabere, ya kumaliseche kapena imene amalowetsa kachipangizo kunjira ya amayi, muli ndi ufulu wopempha kuti pakhale munthu wachitatu, kaya namwino kapena gadiyani wanu. Wogwira ntchito wanzeru amaitana yekha munthu wotere, chifukwa zimamutetezanso iye ku mabodza. Kukhudza kosayenera kapena mawu achipongwe okhudza thupi lanu si kulakwitsa kwa pantchito chabe. Ndi mlandu, ndipo lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa nkhanza zotere.

Zipatala zazikulu za Queen Elizabeth, Kamuzu, Zomba ndi Mzuzu zimaphunzitsanso ophunzira, ndipo dziko likufunikadi ojambula ambiri. Komabe ophunzira asangodzaza m'chipinda inu osauzidwa. Mukhoza kuvomera, mukhozanso kukana, ndipo thandizo lanu lisasinthe chifukwa mwakana.

Chithunzicho chimanena za inu

Gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko limateteza chinsinsi cha munthu. Kale filimu inali imodzi, wodwala ankainyamula mu envelopu. Lero zithunzi zili pakompyuta, ndipo aliyense ali ndi foni m'thumba. Zimachitika kuti clinical officer wa kuboma amajambula chithunzi pafoni n'kutumizira katswiri wa ku Blantyre kapena ku Lilongwe kuti amuthandize kuwerenga. Poti madokotala owerenga zithunzi ndi ochepa kwambiri m'dziko muno, njira imeneyi yathandiza anthu, ndipo sindikuitsutsa. Koma dzina la wodwala libisidwe ngati silikufunika, ndipo chithunzicho chipite kwa wothandiza yekhayo. Kuponya pagulu la WhatsApp kapena pa Facebook chithunzi cha munthu amene wapezeka ndi chinthu chachilendo m'thupi kuti anzako aone n'kuphwanya lamulo, ngakhale dzina utalifufuta, pakuti m'dera laling'ono anthu amadziwana. Lamulo la Data Protection Act la 2024 limaika nkhani za umoyo m'gulu la zinsinsi zofunika kuzisamala mwapadera. Lamulo la HIV and AIDS Prevention and Management Act la 2018 limaletsa kuulula momwe magazi a munthu alili iye osalola, ndipo papepala lopempha X-ray nthawi zambiri pamalembedwa zimenezi. Pepala lotere si loti lizingokhala pawindo aliyense n'kumaliwerenga.

Chinsinsi chimagwiranso ntchito m'banja, ndipo apa mpomwe anthu ambiri amatsutsa. Sikani ya mayi woyembekezera imaonetsa kuti mimba ili ndi milungu ingati. Bambo amene anali ku Joni kapena kuntchito yakutali akamva nambalayo amayamba kuwerenga miyezi. Zotsatira za sikani ndi za mayiyo, ndipo ndi iye amene amasankha woti amve. Komanso anthu adziwe kuti sikani imawerenga bwino masiku mimba ikakhala yaing'ono. Ikapangidwa m'miyezi yomaliza ingaphonye ndi milungu itatu. N'chifukwa china chimene bungwe la World Health Organization linalangizira mu 2016 kuti mayi aliyense apange sikani kamodzi mimba isanakwane milungu 24. Wopanga sikani amene amangotchula nambala osafotokoza kuti ingaphonye angathetse banja limene linalibe chifukwa chothera. Chimodzimodzi za kuti mwana ndi wamwamuna kapena wamkazi: nthawi zina zimaoneka, nthawi zina amalakwitsa, ndipo sicho cholinga cha sikani.

Olemba ntchito akakutumizani kukajambulitsa pachifuwa, kapena mukajambulitsa pofuna chiphaso chopitira kunja monga amafunira a ku Britain pa nkhani ya TB, funsani kuti ndi ziti zimene zipite kwa iwo. Abwana akufunika kudziwa ngati mungagwire ntchitoyo, osati mbiri yonse ya thupi lanu.

Kafukufuku ali ndi lamulo lolimba kuposa apa. Ndime 5 ya gawo 19 lija imaletsa kuchita kafukufuku wa zachipatala kapena wa sayansi pa munthu iye osavomera. Kafukufuku si woipa. Makina a MRI amene anaikidwa ku Queen Elizabeth mu 2008 anathandiza ofufuza kutsimikiza, mu zotsatira zimene anafalitsa mu 2015, kuti kutupa kwa ubongo ndi kumene kumapha ana ambiri odwala malungo a muubongo. Dziko lonse lapansi linaphunzira kuchokera kwa ana a ku Malawi. Koma kafukufuku aliyense ayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za chilungamo pa kafukufuku, monga COMREC kapena National Health Sciences Research Committee, ndipo kholo liuzidwe momveka kuti likakana mwana wake athandizidwabe.

Zotsatira

Wojambula ndi wowerenga chithunzi kawirikawiri ndi anthu awiri. Choncho wojambula akakuuzani kuti mukamve kwa adokotala, sikuti akukubisirani. Akulemekeza malire a ntchito yake. Koma akaona chinthu choopsa, monga mapapo ophwa kapena magazi m'mutu, ali ndi udindo wodziwitsa dokotala nthawi yomweyo, osati kukuuzani kuti mubwere Lolemba. Ali ndi udindonso wotsimikiza kuti akujambula munthu woyenera ndi mbali yoyenera. M'mawodi mwathu a Banda ndi a Phiri amakhala angapo tsiku limodzi. Akakufunsani dzina kawiri musanyansidwe, ndipo mukalandira filimu kapena lipoti yang'anani dzina, tsiku ndi chilembo cha L kapena R chosonyeza kumanzere kapena kumanja. Mukaona kuti akujambula mwendo umene sukuwawa, lankhulani pomwepo.

Muli ndi ufulu wouzidwa zimene zapezeka, m'mawu omveka, ndi wopempha lipoti kuti mukafunse kwa dokotala wina. Magalimoto oyeza TB amene amayendera m'madera amagwiritsa ntchito X-ray, ndipo kuyambira mu 2021 World Health Organization inavomereza mapulogalamu apakompyuta owerenga zithunzi zotere kwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo. Kompyuta ikakayikira, ndiye kuti mukufunika kupereka makhololo kuti ayezedwe. Sinanene kuti muli ndi TB, ndipo udindo umakhalabe pa munthu amene akukuthandizani.

Zikalakwika

Si chilichonse chophonyedwa chimene chili kunyalanyaza ntchito. Mafupa ena othyoka saoneka pa X-ray tsiku loyamba, ndipo chotupa chaching'ono chingabisale ngakhale kwa katswiri. Khoti limafunsa ngati wogwira ntchitoyo anachita zimene mnzake wosamala wa ntchito yomweyo akanachita, ndiponso ngati kulakwitsako ndi kumene kunakuvulazani. Koma kujambula munthu wolakwika, kusafunsa za pakati, kubaya mankhwala osafunsa za impso, kutaya lipoti kapena kuulula chinsinsi ndi zinthu zoyenera kuyankhidwa.

Yambani ndi mkulu wa dipatimenti yojambula. Zikakanika, pitani kwa hospital ombudsman, amene zipatala zambiri za boma ndi za mishoni za CHAM zili naye kuti azimva madandaulo a odwala. Khalidwe la wogwira ntchito limakadandaulidwa ku Medical Council kapena ku Nurses and Midwives Council, pomwe za makina opanda chilolezo kapena chipinda chosatetezeka zimapita ku AERA. Ofesi ya Ombudsman ndi Malawi Human Rights Commission zimalandiranso madandaulo, ndipo simulipira. Ngati wina m'chipatala cha boma akufuna kangachepe kuti akudumphitseni mzere, kapena akunena kuti makina awonongeka n'kukulozerani kukiliniki yake, zimenezo ndi katangale, ndipo ndi nkhani ya Anti-Corruption Bureau. Kumene kuli kolipira movomerezeka, landirani lisiti. Wofuna chipukuta misozi amapita kukhoti, ndipo wosowa ndalama za loya angapemphe thandizo ku Legal Aid Bureau. Musachedwe, pakuti milandu ya kuvulala ili ndi malire a nthawi, omwe kawirikawiri ndi zaka zitatu, ndipo posumira boma lamulo limafuna kuti muyambe mwapereka chidziwitso cholemba.

Podandaula tiziloza pamene pali vuto. Wojambula amene ali yekha pachipatala cha boma lonse, amene amadzutsidwa usiku pakachitika ngozi, si amene anawononga makina kapena kuzimitsa magetsi. Iyenso ali ndi ufulu wopatsidwa kabaji koyeza cheza, chovala chodzitetezera, makina okonzedwa pa nthawi yake, ndi kusinthiridwa ntchito moyenera akakhala woyembekezera. Kumutukwana kapena kumuopseza n'kulakwa. Makina akakhala miyezi osakonzedwa, odwala n'kumatumizidwa mtunda wautali pa ndalama zawo, oyenera kufunsidwa ndi akuluakulu a chipatala, khonsolo ndi Unduna wa Zaumoyo, kudzera m'makomiti a chipatala, makhansala ndi aphungu athu.

Dandaulo lopanda umboni silipita patali. Sungani buku lanu la kuchipatala, mafilimu, CD, malipoti ndi malisiti pamalo ouma. Chinthu chikakukayikitsani, lembani tsiku, nthawi, dzina la amene anakuthandizani ndi zimene ananena, tsiku lomwelo musanaiwale. Ngati simutha kulemba, pemphani gadiyani wanu akulembereni, ndipo mukapereka kalata ya dandaulo musunge kope lake.